Kantina, Kapulana ndi Kalamidade: Zovala Zakale Zimene Zabwereranso

Mwina munamuonapo mtsikana wa kuno ku Assumane atavala thalauza yotambalala kumapazi, agogo ake n'kuseka amvekere, "Imeneyo tinavala ife kalekale!" Agogowo sakunama ai. Nkhani ino ikuuzani kumene makolo athu anali kugula zovala, zimene zinasintha, ndi cifukwa cake zakalezo zayambanso kuoneka m'misewu ya Lichinga.

Nthawi ya makantina

Ufulu usanabwere mu 1975, mzinda wa Lichinga unali kuchedwa Vila Cabral. Sitolo ya kumudzi inali kuchedwa kantina, ndipo eni ake ambiri anali Apwitikizi ndi amwenye. M'kantina imodzi munali zonse: mcere, sopo, palafini, makasu, singano, ndi nsalu zopindapinda pa mashelefu. Wogula sanali kugwira nsalu mwacisawawa. Anali kuloza ndi cala, mwini sitolo n'kuitsitsa, n'kuyeza, n'kudula. Pakhonde panali telala ndi makina ake opalasa ndi phazi, kawirikawiri a Singer. Nsalu yogula m'mawa, pofika Sabata yasanduka diresi.

Koma musaganize kuti zonse zinali zokoma. Kuyambira 1938 mpaka 1961, boma la atsamunda linali kukakamiza alimi kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo wotsika umene bomalo linaika. Tindalama tija tinali kuthera ku msonkho ndi ku kantina. Munthu wolima thonje ndi manja ake anali kuvutika kupeza nsalu. N'cifukwa cake mai akapeza kapulana yatsopano anali kuisunga m'bokosi ngati cuma, kudikira ukwati, ubatizo, Idi kapena maliro.

Pambuyo pa ufulu

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, eni makantina ambiri anacoka. Boma linatsegula masitolo ake ochedwa Lojas do Povo, kutanthauza masitolo a anthu. Nsalu zinali kupangidwa m'dziko momwe muno, m'mafakitale monga Textáfrica ku Chimoio, Texlom ku Matola ndi Texmoque ku Nampula. Azibambo a m'maofesi anali kukonda balalaica, malaya a manja aafupi okhala ndi matumba, ovala popanda tayi. Ku Zambia covala cofanana naco cinachuka ndi dzina la Kaunda. Anyamata anali kuvala thalauza yotambalala kumapazi, imene pa Cipwitikizi amati boca de sino, nsapato zokhuthala kunsi, tsitsi atalisunga lambiri.

Kutsidya kwa malire zinali zina. Ku Malawi, lamulo la mu 1973 linaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa maondo, ndipo linacotsedwa mu 1993.

Kenako nkhondo ndi cilala zinavuta. Mashelefu a m'masitolo anakhala opanda kanthu. Anthu anali kulawirira pa mzere, uja timati bicha, osadziwa n'komwe ngati katundu wabwera. M'midzi ina anthu anafika povala masaka. Amene anathawira ku Malawi anazolowera zitenje za fakitale ya David Whitehead ya ku Blantyre, ndipo mtendere utabwera mu 1992 anabwera nazo kwao.

Kalamidade

Dzinali linacokera ku zovala zovalidwa kale zimene maiko akunja anali kutumiza m'zaka za m'ma 1980 kuti zithandize anthu ovutika ndi nkhondo ndi cilala. Pa Cipwitikizi tsoka lotere ndi calamidade, ndiye dzina linakakamira pa zovalazo. Boma litamasula malonda kuyambira 1987, zovala zotere zinasanduka bizinesi. Zimabwera m'mabelo, wamalonda amadula zingwe, anthu n'kumasankha. Ku Malawi amati kaunjika, ku Zambia amati salaula.

Ine ndinakula nthawi imeneyo. Sitolo ya ubwana wanga inali mulu wa zovala pansi pa msika. Paja mukudziwa cisanu ca Lichinga mu Juni ndi Julayi. Juzi yanga yoyamba amai anaitola pa mulu wotero. Inali yaikulu, manja ake ndinali kupinda kawiri, koma ndinapita nayo ku sukulu zaka zitatu. Mpaka lero ndikamva fungo la belo longotsegula kumene, ndimakumbukira amai.

Kalamidade inaveka osauka, zimenezo n'zoona. Koma inalinso cimodzi mwa zinthu zimene zinagwetsa mafakitale athu, pamodzi ndi nkhondo, ngongole, makina okalamba ndi nsalu zochipa zocokera kunja. Textáfrica inatseka ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo anthu ambiri anatha nchito. Matelala nawonso anasowa makasitomala, pakuti malaya a pa mulu anali ochipa kuposa osoketsa.

N'cifukwa ciani zakale zikubweranso?

Coyamba, belo lenilenilo limabweretsa zovala zakale za ku Ulaya ndi ku America. Wacinyamata wodziwa kusankha amapeza jekete kapena thalauza imene mnzake alibe.

Caciwiri ndi foni. Zimene acinyamata amaona pa Facebook ndi TikTok amazifuna. Opanga zovala kunjako nawonso amabwereza masitayelo a zaka zapita, cifukwa kwa mwana amene sanawaonepo ndi acilendo.

Cacitatu ndi kapulana. Iyi sinapite konse, ingoti yasintha nchito. Kale inali yomanga m'ciuno, yoberekera mwana, yofunda. Lero amasokera shati ya abambo, cikwama, ngakhale nsapato. Cionetsero ca Mozambique Fashion Week, cimene cinayamba mu 2005, cinathandiza kuti anthu a m'tauni aione ngati covala copita naco kulikonse. Ndipo pa 7 Epulo, tsiku la amai a dziko lino, lokumbukira Josina Machel amene anamwalira pa tsikuli mu 1971, magulu a amai amavala kapulana yofanana.

Zimene mungacite

Musataye kapulana za amai anu kapena agogo anu. Zina zili ndi zolemba: dzina la mwambo, caka, nkhope ya mtsogoleri. Zifunyululeni muwerenge ndi ana anu.

Mukamasankha pa mulu, werengani kansalu kolembedwa ka pakhosi. Mau akuti algodão kapena cotton akutanthauza thonje. Zilembo S, M ndi L zikutanthauza caching'ono, capakati ndi cacikulu. Yang'anani m'khwapa, zipi ndi mabatani musanalipire, cifukwa ca pa mulu sicibwezedwa.

Ngati mwana wanu akufuna sitayelo yakale, si nthawi zonse pofunika kugula. Tsegulani bokosi, tengani covala ca kale, pitani naco kwa telala wa m'dera lanu akacicepetse kapena kucikulitsa. Ndalama yocepa, ndipo telalayo nayenso ana ake adya.

Sabata ino funsani munthu wamkulu wa kwanu: covala canu coyamba ca kusitolo munagula kuti, ndipo munalipira zingati? Lembani yankho lake m'mizere isanu, mukawerengere anzanu ku kalasi.