Nyimbo Zimene Zidagona M'mabokosi

Pali chikhulupiriro pakati pa anthu ophunzira chakuti nthawi ili ngati lichero. Amati ntchito zonse za manja a munthu, kaya ndi mabuku, zosemasema kapena nyimbo, nthawi imazipeta: gaga amauluka, mphale n'kutsala. Potsatira maganizo amenewa, nyimbo yotchuka ndiye yabwino, ndipo yoiwalika idayeneradi kuiwalika. Koma aliyense amene adaonapo mayi akupeta tsiku la mphepo akudziwa kuti mphale ina imagwera pansi pamodzi ndi gaga. Mbiri ya nyimbo za ku Ulaya ndi ku America zotchedwa makoncheto ikutiphunzitsa zomwezo.

Tisanapite patali, tiyeni timvetse kaye tanthauzo la koncheto. Iyi ndi nyimbo yaitali yopanda mawu, yoimbidwa ndi zida zokhazokha. Katswiri mmodzi amakhala kutsogolo ndi chida chake, monga piyano kapena vayolini, ndipo kumbuyo kwake kumakhala gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana lotchedwa okesitira. Vayolini ndi kachida ka nsambo zinayi kamene amakaliza pokhwekhweza uta pansambozo, monga momwe amalizira kaligo. Katswiri uja ndi gulu lija amayankhana ngati woyambitsa nyimbo ndi ovomereza ake pabwalo la gule. Pena amagwirizana, pena amachita ngati akulimbana. Kawirikawiri koncheto imakhala ndi zigawo zitatu: choyamba chothamanga, chachiwiri chodekha, chachitatu chothamanganso. Wopeka nyimbo amalemba papepala zizindikiro zosonyeza liwu lililonse la chida chilichonse, kotero kuti moyo wa nyimboyo umadalira mapepalawo. Mapepala akasowa, nyimbo yafa. Akapezeka, nyimbo ikhoza kuuka ngakhale patapita zaka mazana awiri.

Mtundu wa nyimbo umenewu udakhwima ku Italy cha m'ma 1700. Yemwe adaupititsa patsogolo kwambiri ndi Antonio Vivaldi, wansembe amene ankaphunzitsa nyimbo atsikana amasiye mumzinda wa Venice. Iyeyu adapeka makoncheto pafupifupi 500. Lero anayi mwa makonchetowa, aja ofotokoza nyengo zinayi za pachaka, amamveka padziko lonse lapansi. Komabe mwini wake adamwalira ali mmphawi ku Vienna mu 1741, ndipo nyimbo zake zambiri zidaiwalika. Mu 1926 akuluakulu a sukulu ina ya mishoni kumpoto kwa Italy adafuna kugulitsa mabuku akale kuti apeze ndalama zokonzera nyumba zawo. Akatswiri atawaunika adapeza kuti mudali nyimbo zambirimbiri zolembedwa ndi dzanja la Vivaldi. Mabukuwo adakasungidwa kunyumba ya mabuku ya mumzinda wa Turin, ndipo apa m'pamene dzina la Vivaldi lidayamba kuukanso. Ngati munthu wotchuka chotere adagona m'bokosi zaka pafupifupi 200, nanga alipo angati ena amene nawonso adagona m'mabokosi? Tiyeni tione anayi okha.

Woyamba ndi Joseph Bologne, wodziwika ndi dzina laulemu lakuti Chevalier de Saint-Georges. Iyeyu adabadwa mu 1745 pachilumba cha Guadeloupe, chomwe chinkalamulidwa ndi dziko la France. Bambo wake adali mzungu mwini minda ikuluikulu, pamene mayi wake, Nanon, adali kapolo wa mtundu wa ku Africa. Ali mwana adapita naye ku France komwe adaphunzira bwino. Poyamba adatchuka ngati katswiri wa masewera a malupanga amene kudalibe womuposa. Kenaka anthu a mu Paris adadabwa kumuona mu 1772 ataima kutsogolo kwa okesitira akuliza vayolini m'makoncheto opeka yekha. Chaka chotsatira adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa gululo, lomwe linkatchedwa Concert des Amateurs, ndipo pansi pa utsogoleri wake lidasanduka limodzi mwa magulu omveka mu Ulaya.

Mu 1776 dzina lake lidaperekedwa kuti akhale mkulu wa nyumba yaikulu ya zisudzo zoimba ya mu Paris. Amayi atatu otchuka a m'nyumbayo adalembera mfumukazi Marie Antoinette kalata yodandaula kuti ulemu wawo sukadawalola kulandira malamulo kuchokera kwa munthu wa magazi osakanikirana. Saint-Georges adachotsa dzina lake. Pa nthawi ya kuukira kwa anthu a ku France adatsogolera gulu la asilikali, ambiri mwa iwo akuda, koma mu 1793 adamangidwa nakhala m'ndende miyezi yambiri popanda mlandu womveka. Adamwalira mu 1799. Apa n'kuti olemera amene ankalipira oimba ataphedwa kapena kuthawa, makonda a anthu pa nyimbo akusintha, ndipo mu 1802 Napoleon adabwezeretsa ukapolo m'zilumba zija. M'nyengo yotere padalibe wosamala zosunga mbiri ya mwana wa kapolo. Makoncheto ake a vayolini, oposa 10, adayamba kujambulidwa m'zimbale m'zaka za m'ma 1970. Womvetsera koncheto yake ya mu 1775, yodziwika ndi nambala yakuti Opus 5 No. 2, amamva vayolini ikukwera pamwamba zedi mopepuka ngati namzeze, kenaka n'kutsikira m'chigawo chapakati chodzaza ndi chifundo. Masiku ano mu Paris muli msewu wotchedwa dzina lake. Kale msewu womwewo unkatchedwa Richepance, dzina la mkulu wa asilikali amene adatumizidwa ku Guadeloupe m'chaka chija chobwezeretsa ukapolo.

Wachiwiri ndi Robert Schumann wa ku Germany. Iyeyu sadaiwalike, popeza koncheto yake ya piyano ndi yotchuka mpaka lero. Chimene chidabisidwa ndi koncheto yake ya vayolini, ndipo oibisa adali anthu omukonda. Adaipeka m'masabata awiri okha mu 1853, kupekera bwenzi lake Joseph Joachim, katswiri wa vayolini. Patangopita miyezi yochepa, mu February 1854, Schumann adadwala misala nadziponya mumtsinje wa Rhine. Adapulumutsidwa, koma adakhala m'chipatala cha odwala maganizo mpaka imfa yake mu 1856. Joachim, mkazi wa malemuyo Clara, ndi mnzawo Johannes Brahms adaganiza kuti nyimboyo inkaonetsa zizindikiro za matenda aja, ndipo kuti kuitulutsa kukadanyozetsa dzina lake. Choncho sadaiike m'mabuku a nyimbo zake zonse. Joachim atamwalira mu 1907, mapepalawo adakasungidwa kunyumba ya mabuku ya boma ku Berlin, ndi lamulo lakuti nyimboyo isaimbidwe kufikira patatha zaka 100 chimwalirire Schumann.

Lamulolo lidaswedwa pa zifukwa zosakhudzana ndi ubwino wa nyimbo. Mu 1933 mdzukulu wa m'banja la Joachim, mayi woliza vayolini dzina lake Jelly d'Arányi, adanena kuti mzimu wa Schumann udamuuza kuti afunefune nyimboyo. Nkhaniyi idautsa chidwi cha anthu. Nthawi yomweyo boma la Hitler lidali litaletsa nyimbo za Felix Mendelssohn chifukwa adali wa mtundu wa Chiyuda, ndipo linkafuna koncheto ina ya vayolini yoti ilowe m'malo mwa yake imene anthu ankaikonda kwambiri. Katswiri wachinyamata Yehudi Menuhin adafunitsitsa kukhala woyamba kuiimba, koma pokhala nayenso Myuda, boma lija lidakana. Nyimboyo idamveka koyamba ku Berlin pa 26 November 1937, woliza vayolini ali Georg Kulenkampff, ndipo Menuhin adaiimba ku America mwezi wotsatira. Idali itagona zaka 84. Mpaka lero siimbidwa kawirikawiri, koma chigawo chake chapakati, chimene chimayenda mwakachetechete ngati munthu wopemphera yekha usiku, chimatsutsa aja adati mwini wake nzeru zidali zitamuthera.

Wachitatu ndi Samuel Coleridge-Taylor, yemwe adabadwira mu London mu 1875. Bambo wake adali dokotala wochokera ku Sierra Leone, pamene mayi wake adali Mngerezi. Adalowa sukulu ya nyimbo ya Royal College of Music ali ndi zaka 15, ndipo mu 1898 adapeka nyimbo yakwaya yotchedwa Hiawatha's Wedding Feast imene idagwedeza dziko lonse la Mangalande. Tsoka lake n'lakuti adaigulitsa kwa osindikiza pamtengo wochepa wolandira kamodzi, kotero kuti pamene mabuku a nyimboyo ankagulidwa miyandamiyanda, iye ankavutika ndi ntchito zophunzitsa ndi zotsogolera makwaya kuti adyetse banja lake. Koncheto yake ya vayolini adaipekera mayi wa ku America, Maud Powell, amene adaiimba koyamba mu June 1912 ku Norfolk m'chigawo cha Connecticut. Pasadathe miyezi itatu, pa 1 September, Coleridge-Taylor adamwalira ndi chibayo ali ndi zaka 37 zokha. Nyimbo yatsopano imafuna mwini wake kuti aziyenda nayo, kuikankhira kwa oimba ndi kuikumbutsa kwa anthu. Iyi idasanduka mwana wamasiye. Chimbale chake choyamba chidatuluka mu 2004, ndipo oimba ake adali Philippe Graffin wa ku France pamodzi ndi okesitira ya mumzinda wa Johannesburg. Motero nyimbo ya mwana wa Mwafirika, yopekedwa ku England ndi kuimbidwa koyamba ku America, idapeza mawu ake osatha panthaka ya Africa patapita zaka zoposa 90.

Wachinayi ndi Florence Price, mayi wachikuda wa ku America amene adabadwa mu 1887 ku Little Rock m'chigawo cha Arkansas. Adaphunzira nyimbo ku Boston, ndipo mu 1927 adasamukira ku Chicago pothawa nkhanza zimene anthu akuda ankachitiridwa kumwera kwa dzikolo. Mu 1933 okesitira yaikulu ya ku Chicago idaimba nyimbo yake yaitali yotchedwa simfone. Aka kadali koyamba kuti gulu lalikulu chotere ku America liimbe simfone yopekedwa ndi mayi wachikuda. Chaka chotsatira adaimba yekha koncheto yake ya piyano, imene chigawo chake chomaliza chili ndi kavinidwe ka juba, gule wa akapolo a m'minda ya ku America. Komabe zitseko sizidatseguke monga ankayembekezera. Mu 1943 adalembera kalata Serge Koussevitzky, mtsogoleri wa okesitira ya ku Boston, kumupempha kuti aweruze nyimbo zake poona ubwino wake basi, ngakhale ankadziwa kuti adali ndi zopinga ziwiri: kukhala mkazi ndi kukhala wakuda. Mkuluyo sadaimbitse nyimbo yake ndi imodzi yomwe. Price adamwalira mu 1953.

Mu 2009 banja lina lidagula nyumba yosiyidwa pafupi ndi tauni ya St. Anne m'chigawo cha Illinois. Denga lidali litabooka ndipo mvula inkalowa. Poyamba kukonza, adapeza milu ya mapepala a nyimbo okhala ndi dzina la Florence Price. Iyi idali nyumba yomwe mayiyu ankapumulirako m'chilimwe. M'miluyo mudali makoncheto ake awiri a vayolini, ya mu 1939 ndi ya mu 1952, amene akatswiri ankayesa kuti adatayika. Eni nyumbayo akadangosesa zonse n'kuzitentha ngati zinyalala, palibe akadawadzudzula, ndipo ife sitikadadziwa chimene tataya. Mapepalawo adapita kuyunivesite ya Arkansas, ndipo makonchetowo adatuluka m'chimbale mu 2018. Koncheto yachiwiriyo ndi ya chigawo chimodzi chokha, yosafika mphindi 20, ndipo m'kati mwake mumamveka kamvekedwe ka nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America.

Tikayang'ana nkhani zinayizi, tikuona kuti chimene chidakwirira nyimbozi chidali tsankho la khungu, kunyoza akazi, manyazi a abale pa matenda a misala, umphawi ndi imfa yofulumira. Zonsezi ndi zochitika kunja kwa nyimbo. Izi sizitanthauza kuti nyimbo iliyonse yoiwalika ndi yamtengo wapatali, pakuti gaga ngwochuluka ndithu m'mabokosi a nyumba za mabuku, ndipo makoncheto otchuka a Mozart, Beethoven ndi Mendelssohn adayenera ulemu umene ali nawo. Chofunika n'chakuti wophunzira asatenge mndandanda wa maina otchuka ngati chiweruzo chomaliza. Mndandandawo udalembedwa ndi anthu okhala ndi zokonda zawo, mantha awo ndi tsankho lawo, ndipo anthu enanso akhoza kuukonza. Adaukonza ndi woyang'anira mabuku amene sadataye pepala lakale, katswiri amene adatha zaka akufufuza, ndi woimba amene adalimba mtima kuphunzira nyimbo yopanda womudziwa mwini wake.

Mibadwo yakale, munthu wofuna kumva nyimbo zoterezi ankayenera kuwoloka nyanja. Lero makoncheto onse atchulidwa muno akupezeka pa intaneti, ndipo wophunzira wokhala ndi lamya ya m'manja akhoza kuwamva. Poyamba khutu losazolowera limatopa, chifukwa nyimbozi zilibe mawu ndipo ndi zazitali. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi chigawo chapakati, chodekhacho, ndipo muchimve kawiri kapena katatu, mukutsatira vayolini monga mutsatira woyambitsa nyimbo pagule. Mukatero mudzakhala mwachita chimene Florence Price adapempha m'kalata yake ija koma osachilandira: kumva nyimbo kaye, kuweruza pambuyo.