Mapulogalamu osungira zithunzi ndi manotsi pa maphunziro

Mapulogalamu osungira zithunzi ndi manotsi ndi mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta amene munthu amasungiramo zinthu zimene wapeza pa intaneti kapena zimene walemba yekha, kuti tsiku lina adzazipeze mosavuta. Alipo a mitundu iwiri. Ena, monga Pinterest ndi Padlet, amasunga linki ya tsamba pamodzi ndi chithunzi chake, ndipo zosungidwazo zimayalidwa ngati mapepala okhomedwa pa bolodi. Ena, monga Evernote, OneNote ndi Google Keep, ali ngati kope: munthu amalembamo, amaikamo zithunzi, mawu ojambulidwa ndi mafayilo. Ambiri mwa mapulogalamuwa sadapangidwire sukulu. Aphunzitsi ndi ophunzira adangowatola okha ataona kuti akuthandiza kusonkhanitsa zipangizo zophunzitsira ndi kusunga manotsi. Amathandizadi pa kusonkhanitsa ndi kupezanso zinthu, koma palibe amene amayesa ngati zosungidwazo zili zolondola, ndipo kusunga chinthu pafoni sikutanthauza kuti munthu wachiphunzira.

Mbiri

Kale munthu akapeza tsamba labwino pa intaneti ankalisunga pa kompyuta imene akugwiritsa ntchitoyo basi. Akapita pa kompyuta ina sankalipezanso. M'chaka cha 2003 Joshua Schachter adayambitsa Delicious, tsamba limene anthu ankasungirapo malinki awo pa intaneti, n'kuwapatsa mawu owazindikiritsa, ndipo anthu ena ankatha kuona zimene anzawo asunga. Koma zonse zinali m'malemba, mndandanda wautali wa malinki wopanda chithunzi.

Chaka chomwecho cha 2003 kampani ya Microsoft idatulutsa OneNote, imene poyamba inali yogula mpaka mu 2014 pamene idakhala yaulere. Evernote, imene adaiyambitsa ndi Stepan Pachikov, idafika pa intaneti mu 2008 ndi chizindikiro chake cha njovu, nyama imene azungu amati siiwala. Pinterest idayamba mu 2010 ku America. Adaiyambitsa ndi Ben Silbermann, Paul Sciarra ndi Evan Sharp. Google Keep idabwera mu 2013. Padlet poyamba inkatchedwa Wallwisher.

Pinterest ndi aphunzitsi

Pa Pinterest chinthu chilichonse chosungidwa chimatchedwa pin, dzina lochokera ku phini wokhomera pepala pa bolodi. Pin ndi chithunzi chimene kuseri kwake kuli linki. Ukachidina chimakutengera ku tsamba kumene chidachokera. Munthu amatsegula mabolodi malinga ndi mitu imene akufuna, mwachitsanzo bolodi la kayendedwe ka magazi m'thupi, lina la mapu, lina la masewera ophunzitsira kuwerenga. Bolodi likhoza kukhala loonekera kwa aliyense, lachinsinsi, kapena la gulu pamene anthu angapo amaikapo zinthu pamodzi.

Ubwino wake ndi wa maso. Mphunzitsi amene akufuna njira yoonetsera ana kuzungulira kwa madzi m'chilengedwe safunika kutsegula masamba makumi awiri. Amangoyang'ana zithunzi zimene zayalidwa n'kusankha chimene chikuoneka kuti chingatheke m'kalasi mwake. Zimene aphunzitsi amasunga kwambiri ndi matchati a pakhoma, mapepala a ntchito yoti ana achite, kakongoletsedwe ka kalasi ndi zoyesera za sayansi zosafuna zipangizo zodula. Kampaniyo itaona kuchuluka kwa aphunzitsi, mu 2013 idatsegula malo apadera a mabolodi a aphunzitsi a m'makalasi aang'ono. Kafukufuku wa bungwe la RAND Corporation wa 2016 adapeza kuti aphunzitsi ambiri a sukulu za pulayimale ku America amapita pa Pinterest akafuna zophunzitsira.

Vuto lili pa mmene pulogalamuyi imasankhira zoti ikuonetse. Imakankhira patsogolo zithunzi zimene anthu ambiri azisunga ndi kuzidina, ndipo anthu amasunga chimene chakongola. Palibe mkonzi kapena woyendera sukulu amene amaona ngati masamu ali pa tchatiyo ndi oona. Mu 2017 Joshua Hertel ndi Nicole Wessman-Enzinger adafufuza ma pin ophunzitsa manambala ochepera ziro, monga -3 ndi -10. Adapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linali ndi zolakwika za masamu. Adapezanso kuti ambiri ankangokamba za kuphatikiza ndi kuchotsera, osalabadira kwenikweni za kuchulukitsa ndi kugawa, ndipo ndi ochepa amene ankapereka zitsanzo za m'moyo weniweni. Kafukufukuyu anali wa mutu umodzi wokha wa masamu, choncho sangayankhulire maphunziro onse, koma mutu umenewu ndi womwe ana amasokonezeka nawo kale. Tchati yolakwika ikakhomedwa pakhoma imakhala pamenepo teremu yonse, ana n'kumaiona tsiku ndi tsiku.

Chinanso n'chakuti ma pin ambiri a maphunziro ndi otsatsa malonda. Chithunzi chimaoneka ngati chaulere, koma ukachidina chimakufikitsa ku Teachers Pay Teachers, msika wa pa intaneti umene mphunzitsi wina wa ku New York, Paul Edelman, adauyambitsa mu 2006, kumene aphunzitsi amagulitsana mapepala ophunzitsira. Ma pin ena amakufikitsa ku tsamba limene lidafa kalekale, chithunzi chokha n'chimene chatsala. Komanso kusunga chithunzi pa bolodi sikupereka chilolezo choti munthu achisindikize n'kuchigulitsa kapena kuchiika m'buku lake. Mwini wake akadali amene adachijambula.

Padlet imasiyana pang'ono chifukwa imagwira ntchito m'kalasi mwenimweni. Mphunzitsi amatsegula bolodi, amalembapo funso, n'kutumiza linki kwa ophunzira. Aliyense amaikapo yankho lake, chithunzi kapena kanema, ndipo onse amaona mayankho a anzawo. Ophunzira amanyazi, amene sakweza dzanja m'kalasi, nthawi zambiri amayankhako pamenepa. Mphunzitsi akhoza kukonza kuti aziyamba waona yekha zimene zalembedwa zisanaonekere ku gulu, zimene n'zofunika ngati ana akulemba osaika mayina awo.

Mapulogalamu a manotsi

Evernote ndi OneNote zimatsanzira kope la kusukulu, koma zili ndi chinthu chimodzi chimene kope lilibe: kufufuza. Munthu akalemba liwu limodzi, pulogalamuyo imatulutsa manotsi onse amene muli liwulo, ngakhale a zaka zitatu zapitazo. Zimathanso kuwerenga malemba amene ali pa chithunzi, choncho wophunzira akajambula tsamba la buku kapena zimene aphunzitsi alemba pa bolodi akhoza kudzazipeza pofufuza, bola malembawo akhale ooneka bwino. Zonse ziwiri zili ndi kachida kotchedwa Web Clipper kamene kamakopera nkhani yonse ya pa tsamba n'kuiika m'manotsi. Apa mpamene zimaposa Pinterest, chifukwa tsambalo likadzafa nkhaniyo imatsalabe.

Mu 2014 Microsoft idatulutsa OneNote Class Notebook, yopangidwira sukulu. Ili ndi zigawo zitatu zikuluzikulu. Choyamba ndi cha mphunzitsi, mmene amaikamo manotsi ndi mafunso. Ophunzira amawerenga ndi kukopera koma sangasinthe. Chachiwiri ndi cha kalasi yonse, aliyense amalembamo. Chachitatu ndi kope la wophunzira aliyense payekha, limene amaliona ndi iye ndi mphunzitsi basi, ndipo mphunzitsi amachongeramo ntchito popanda kunyamula mulu wa makope kupita nawo kunyumba. Imafuna kuti sukulu ikhale ndi maakaunti a Microsoft a ophunzira ake.

Google Keep ndi yopepuka, ya timanotsi tatifupi ndi mindandanda, ndipo siyenera manotsi a chaka chonse.

Zimene kafukufuku wapeza pa kukumbukira

Funso lalikulu kwa wophunzira ndi lakuti kodi manotsi a pafoni amalowa m'mutu ngati a pamanja. Mu 2014 Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer adapatsa ophunzira a kuyunivesite nkhani zoti amvetsere, ena akulemba pa laputopu ena ndi cholembera. A laputopu adalemba mawu ambiri, koma ankangokopera mmene wolankhulayo wanenera. A cholembera, poti dzanja limachedwa, ankakakamizika kusankha mfundo ndi kuzilemba m'mawu awoawo, ndipo adakhoza bwino mafunso ofuna kumvetsa. Nkhaniyi idatchuka kwambiri moti ena amaitchula ngati mlandu wogamulidwa kale. Koma akatswiri ena atabwereza kafukufukuyu m'zaka zotsatira sadapeze kusiyana koonekeratu pa zotsatira za mayeso. Chimene chidapezekanso ndi chizolowezi chija, chakuti olemba pa kiyibodi amakopera mawu ambiri osawasintha.

Kujambula bolodi ndi foni n'kopepuka kuposa pamenepo, chifukwa palibe ngakhale liwu limodzi limene ladutsa m'mutu. Linda Henkel wa ku Fairfield University adatenga ophunzira kupita nawo kunyumba yosungiramo zinthu zakale n'kuwauza kuti zinthu zina azijambule, zina azingoziyang'ana. Tsiku lotsatira adakumbukira bwino zimene adangoziyang'ana kusiyana ndi zimene adazijambula. Okhawo amene ankayandikitsa kamera pa mbali ina yake ya chinthucho sadaiwale chotere, mwina chifukwa ankayamba ayang'anitsitsa. Zimenezi zidasindikizidwa mu 2014. Chaka cha 2011 Betsy Sparrow ndi anzake anali atanena kale kuti munthu akadziwa kuti chinthu chasungidwa pa kompyuta amakumbukira malo amene chili kuposa chinthucho.

Chimene akatswiri ambiri amagwirizana n'chakuti kudzifunsa mafunso kumathandiza kuposa kuwerenga manotsi mobwerezabwereza. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke adaonetsa mu 2006 kuti ophunzira amene ankatseka nkhani n'kuyesa kulemba zimene akukumbukira adasunga zambiri patatha sabata kusiyana ndi amene ankangoiwerenganso. N'chifukwa chake aphunzitsi ena amalimbikitsa njira ya Cornell, imene Walter Pauk adaikonza ku Cornell University m'zaka za m'ma 1950: tsamba limagawidwa pawiri, kumanja manotsi, kumanzere mafunso, pansi chidule cha mizere iwiri kapena itatu. Powerenga umaphimba kumanja n'kuyankha mafunso a kumanzere. Njirayi imatheka mu OneNote kapena Evernote pogwiritsa ntchito tebulo, ndipo imathekanso m'kope wamba ndi rula.

Makampani akasintha maganizo

Manotsi a m'mapulogalamuwa amakhala pa makompyuta a kampani, ndipo kampani imatha kugulitsidwa, kukweza mitengo kapena kutseka. Izi zachitika kangapo. Delicious idagulidwa ndi Yahoo mu 2005, idagulitsidwanso mu 2011, ndipo mu 2017 idasiya kulandira malinki atsopano. Mu 2018 Padlet idalengeza kuti anthu atsopano osalipira aziloledwa mabolodi atatu okha, zimene zidakwiyitsa aphunzitsi ambiri. Evernote idagulidwa ndi kampani ya ku Italy ya Bending Spoons kumayambiriro kwa 2023, ndipo mu Disembala chaka chomwecho akaunti yaulere idachepetsedwa kufika pa manotsi 50 ndi kope limodzi, zimene sizingakwanire wophunzira ngakhale teremu imodzi. Google idatseka bolodi lake la Jamboard kumapeto kwa 2024. Pocket, imene anthu ankasungiramo nkhani zoti adzawerenge nthawi ina, idatsekedwa ndi Mozilla mu Julaye 2025, ndipo anthu adapatsidwa miyezi yochepa yoti achotsemo zinthu zawo.

Mphunzitsi amene waikamo masikimu ndi manotsi a zaka zisanu akhoza kutaya zambiri. Mapulogalamu ambiri amalola kutulutsa manotsi ngati fayilo ya PDF kapena HTML, ndipo ndi bwino kutero kumapeto kwa teremu iliyonse n'kusunga pa fulashi. Palinso nkhani ya chitetezo: mu Marichi 2013 anthu akuba pa intaneti adalowa m'makompyuta a Evernote, kampaniyo n'kulamula anthu pafupifupi 50 miliyoni kuti asinthe mapasiwedi awo. Malikisi a ana, mayina awo ndi zithunzi za nkhope zawo siziyenera kuikidwa pa bolodi loonekera kwa aliyense. Pinterest siilola ana osakwana zaka 13 kutsegula akaunti.

Ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo

Pinterest ndi ya zithunzi ndi makanema, choncho imadya bandulo msanga ndipo popanda netiweki siithandiza. OneNote ndi Google Keep zimalola kulemba popanda intaneti, manotsiwo n'kudzatumizika okha netiweki ikapezeka. Zophunzitsira zambiri za pa Pinterest ndi za m'Chingerezi ndipo zidakonzedwera silabasi ya ku America: masamu a ndalama ali m'madola, kutalika kuli m'mainchesi, nyengo ndi zinayi kuphatikizapo ya chipale chofewa. Za m'Chichewa n'zochepa kwambiri. Wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE ayenera kuyerekeza chilichonse chimene wasunga ndi silabasi komanso mabuku ovomerezeka, chifukwa MANEB imafunsa zochokera m'silabasi ya dziko lino.

Kumene Pinterest imathandiza kwenikweni ndi pa TALULAR, njira imene aphunzitsi a ku Malawi amaphunzitsidwa yopangira zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pamalo. Pali zithunzi zambiri zoonetsa mmene angapangire mapapo ndi botolo lapulasitiki ndi mabaluni, sikelo ndi hang'ala ya zovala, kapena zowerengera ndi zitsekerero za mabotolo. Mphunzitsi amaona chithunzicho kamodzi, n'kukapanga chake ndi makatoni a ku golosale, mawu ake n'kulemba m'chiyankhulo chimene ana ake akumva.