IXP: mphambano ya intaneti

IXP ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti internet exchange point. Ine ndimakonda kuwamasulira kuti mphambano ya intaneti, pakuti pamphambano m'pamene njira zochokera kosiyanasiyana zimakumana.

Kwenikweni ndi chipinda chokhala ndi makina otchedwa switch, momwe makampani ogulitsa intaneti amalumikiza mawaya awo kuti uthenga wa kasitomala wa kampani ina ufike kwa kasitomala wa inzake mosazungulira. Kupatsirana kotereku akatswiri amakutcha peering, ndipo nthawi zambiri makampaniwo salipiritsana.

Popanda malo otere, uthenga wochoka ku Limbe kupita ku Ndirande utha kukayamba wafika ku London kenaka n'kubwerera. Ulendo wonsewo umalipiridwa ndi ndalama zakunja, umachedwetsa zinthu, ndipo pomalizira pake wolipira ndi iwe wogula bandulo. Izi zimandiwawa kwambiri ndikaganizira dziko lopanda gombe la nyanja yamchere ngati Malawi, lomwe limadalira zingwe za pansi pa nyanja zofikira ku Tanzania ndi ku Mozambique. Chingwe chikaduka kumeneko, zokambirana zathu zam'dziko siziyenera kuima nawo, ndipo mphambano ikakhalapo, zodutsa pamphambanoyo siziima.

Ku Johannesburg anatsegula yawo mu 1996. Ya ku Nairobi inayamba mu 2000, koma inatsekedwa posakhalitsa kampani ya boma ya matelefoni itadandaula, mpaka inatsegulidwanso mu 2002. Yathu, yotchedwa MIX, inayamba ku Blantyre mu 2008.