Denga la tenti m'chigwa cha Zambezi: mbiri ya magalimoto otsegula ku Tete

Mwezi wa Okutobala ukafika mumzinda wa Tete ku Mozambique, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo cha galimoto yoimikidwa padzuwa sichigwirika ndi dzanja. Kumalo koteroko, mtundu wa denga la galimoto ndi nkhani ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Masiku ano anthu akamva za magalimoto akale otsegula pamwamba amaganiza za mpondamatiki wa ku Ulaya akuwongola miyendo m'mphepete mwa nyanja. Koma mitengo imene magalimotowa ankagulitsidwira ali atsopano ikuonetsa zina: kwa zaka zambiri, galimoto ya denga la tenti ndiyo inali yotchipa, ya mlimi ndi wamalonda. Mtundu umenewu ndi umene unakhetsa thukuta m'misewu ya Tete.

Pamene tenti inali yotchipa

Henry Ford atatulutsa Model T ku America mu 1908, mtundu wotchedwa touring car unkagulidwa madola 850. Unali ndi mizere iwiri ya mipando ndi denga la nsalu lopindikira kumbuyo, ndipo mvula ikayamba ankamangirira makatani m'mbali. Panalinso runabout, imene ena amati roadster, yokwera anthu awiri. Pofika 1925, runabout inatsika kufika madola 260 ndipo touring car inali madola 290, pamene Model T yotseka ya zitseko zinayi inali madola 660.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Bodi yotseka inkafuna mafelemu amatabwa, magalasi ambiri ndi manja a amisiri, pamene tenti inkangofuna nsalu yolimba ndi timitengo tochepa. Zinthu zinatembenuka mafakitale ataphunzira kudinda bodi yonse yachitsulo ndi makina. Galimoto yotseka inatsika mtengo, ndipo zaka za m'ma 1920 zisanathe, magalimoto ambiri atsopano ku America anali otseka.

M'kupita kwa nthawi yotsegula inasanduka yodula. Galimoto ikachotsedwa denga imafooka, choncho pansi pake pamafunika kulimbitsidwa ndi zitsulo zina. Denga lopindika limasokedwa ndi manja, ndipo ogula ake ndi ochepa. Mu 1949 kampani ya Karmann ku Germany inayamba kupanga Volkswagen Beetle ya mtundu wa cabriolet, ya denga lochindikala ndi magalasi okwera ndi kutsika m'zitseko. Inkagulidwa mamaki 7,500, pamene Beetle yotseka ya mtundu wa Export inali mamaki 5,450. Ford Mustang itatuluka mu 1964, yotseka inali madola 2,368 ndipo yotsegula inali madola 2,614.

Galimoto yoyenera msewu wa fumbi

Magalimoto onyadira amenewa ankafuna msewu wa phula, ndipo m'chigawo cha Tete phula linali losowa. Msewu waukulu wochokera ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kupita ku Blantyre unkaduka pa mtsinje wa Zambezi, ndipo magalimoto ankadikira pantoni kuti awoloke. Ndi njira yomweyi imene makolo athu ambiri a ku Nyasaland anadutsa popita kukasaka ntchito kummwera. Popeza dziko la Mozambique limayendetsa galimoto kumanzere ngati Malawi, Zimbabwe ndi South Africa, magalimoto a ku Britain ankalowa mosavuta ngakhale kuti dzikolo linali m'manja mwa Apwitikizi.

Yomwe inayenerana ndi dera lotere ndi Land Rover, imene inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 Epulo 1948 pamtengo wa mapaundi 450. Bodi yake inali ya aluminiyamu chifukwa chitsulo chinkasowa ku Britain nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo izi zinachititsa kuti isamachite dzimbiri msanga. Mateyala onse anayi ankakoka. Galasi lakutsogolo linkagonekedwa pa boneti, ndipo poyambirira zitseko ndi tenti ankazigula padera. Land Rover yotseka yoyamba, imene bodi yake inkapangidwa ndi kampani ya Tickford, inali mapaundi 959 chifukwa inkalipitsidwa msonkho wa galimoto yoyendera, ndipo inagulidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Apanso tenti inali ya munthu wantchito.

Ubwino wake m'dziko lotentha unali woonekeratu. Woyendetsa ankapinda tenti ya m'mbali n'kusiya yapamwamba, mthunzi n'kukhalapo, mphepo n'kumadutsa. Tenti ikang'ambika, telala ankaisoka. Pakafunika kunyamula matumba a chimanga, mbuzi kapena wodwala wogona, ankangoivula. Akuluakulu a boma lachitsamunda, amishoni ndi amalonda ankadalira magalimoto a mtundu umenewu, ndipo kuyambira 1960 Toyota Land Cruiser ya mtundu wa FJ40, imene inkapezekanso ya tenti, inayamba kupikisana nayo m'maiko ambiri a mu Africa.

Zaka za damu ndi nkhondo

Mu 1968 Frelimo inatsegula nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete, ndipo mu 1969 ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba. Katundu wolemera ankachokera ku njanji ya ku Moatize kupita ku Songo, kufupi ndi damulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda wa Tete, moperekezedwa ndi asilikali. Ankhondo a Apwitikizi ankayenda pa Unimog ndi malole a Berliet, kawirikawiri opanda denga. Kutsegulako kunali kwa mantha: bomba lokwirira mumsewu likaphulika kapena zipolopolo zikayamba kulira, munthu ankafuna kudumpha msanga. Kwa anthu a m'midzi ya m'mbali mwa misewuyo, galimoto yotsegula yodzaza amuna amfuti inali chizindikiro chothawira kutchire.

Mlatho wolendewera wa pa Zambezi, umene anaukonza katswiri wa ku Portugal Edgar Cardoso, unatha mu 1973, ndipo lero umadziwika ndi dzina la Samora Machel. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, Apwitikizi ambiri anachoka, zipangizo za magalimoto zinayamba kusowa, kenako nkhondo yapachiweniweni inabuka. M'zaka za m'ma 1980 magalimoto oyenda pakati pa zipata za m'malire za Nyamapanda ndi Zóbuè ankadutsa Tete mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo ambiri anathera m'mbali mwa msewu atapsa. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Magalimoto akale amene anapulumuka zonsezi anapulumuka chifukwa cha luso la amakaniko omwe ankachotsa chipangizo ku galimoto yakufa kuti adzutse inzake.

Zimene zatsala

Malasha a ku Moatize atabweretsa makampani aakulu monga Vale, amene anayamba kukumba mu 2011, misewu ya Tete inadzaza ndi mapikapu otseka oziziritsa m'kati, ndipo mu 2014 mlatho wachiwiri, wotchedwa Kassuende, unatsegulidwa. Komabe tenti ikugwirabe ntchito. Njinga zamoto za mateyala atatu zotchedwa txopela zimanyamula anthu mumzinda, denga lake lansalu, m'mbali motsegula, pamtengo umene munthu wamba angathe.

Land Rover zoyambirira zija tsopano zimasakidwa ndi anthu okonda zakale ku Ulaya ndi ku South Africa, ndipo amalipira ndalama zochuluka kuposa mapaundi 450 aja. Choncho amene ali ndi galimoto yotere kuseri kwa nyumba asathamangire kuigulitsa pa sikelo ngati chitsulo chakutha. Ayambe wafufuza chaka chake ndi nambala ya chasesi. Chofunikanso kwambiri ndi madalaivala ndi amakaniko okalamba amene anawolotsa magalimotowa pa pantoni n'kuwadutsitsa m'misewu ya mabomba. Alipobe, koma akuchepa chaka ndi chaka. Ophunzira a mbiri m'masukulu aukachenjede a ku Tete ndi atolankhani a mawayilesi a m'deralo awafunefune, akhale nawo pansi, ndipo alembe zimene akukumbukira.