Makalata 465 ndi zomwe madokotala adachedwa kumva: mbiri ya gender dysphoria mwa akuluakulu

Pa 1 Disembala 1952, nyuzipepala ya New York Daily News idalemba nkhani ya a Christine Jorgensen, omwe kale adali msilikali wa dziko la America. Iwowa adabadwa ndi thupi lachimuna, koma adapita ku Denmark komwe adalandira mankhwala a mahomoni ndi opaleshoni kuti azikhala ngati mkazi. Nkhaniyi itafala, dokotala wawo wa ku Copenhagen, a Christian Hamburger, adayamba kulandira makalata ochokera kumaiko osiyanasiyana. M'chaka cha 1953 adasindikiza zomwe adapeza atasanthula makalata a anthu 465, amuna ndi akazi omwe, amene ankapempha thandizo longa lomwelo.

Paja akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani iyi odwala eni ake ndi omwe adayamba kugogoda kwa madokotala. Mbiri ya zaka 100 zapitazi ikuonetsa kuti achipatala ankaidziwa bwino nkhaniyi nthawi zomwe ankawalola anthuwa kufotokoza momasuka, ndipo ankasokonezeka nthawi zomwe wodwala ankaopa kuti akanena zoona ataya thandizo.

Tanthauzo lake

Mawu akuti gender dysphoria amanena za kuvutika mumtima komwe munthu amakhala nako pamene thupi lomwe adabadwa nalo, komanso momwe anthu amamuonera, sizikugwirizana ndi momwe iye amadzidziwira kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Izi n'zosiyana ndi nkhani ya amene munthu amamufuna pa chikondi. N'zosiyananso ndi kubadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino ngati ndi zachimuna kapena zachikazi.

Akuluakulu amafotokoza vutoli m'njira zosiyanasiyana. Ena amati sakonda kudziyang'ana pagalasi kapena kuona thupi lawo posamba. Ena amavutika ndi mawu awo, ndevu, mabere kapena msambo. Kwa ena chowawa kwambiri ndi kuitanidwa kuti bambo kapena mayi mosiyana ndi momwe amadzimvera. Alipo omwe adazindikira ali ana, ndipo alipo omwe adazimvetsa atakula, ena atakwatira kale n'kubereka. Ambiri amati vutoli limakula nthawi zina n'kuchepa nthawi zina. Si onse omwe amafuna mankhwala kapena opaleshoni.

Chiyambi ku Berlin

Mmodzi mwa madokotala oyamba kulemba mozama za anthuwa adali a Magnus Hirschfeld a ku Germany. M'buku lawo la m'chaka cha 1910, Die Transvestiten, adaikamo mbiri zazitali za anthu monga momwe eni ake adazifotokozera, ndipo adaonetsa kuti nkhaniyi ndi yosiyana ndi ya kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. M'chaka cha 1919 adatsegula malo a kafukufuku ndi chithandizo ku Berlin. Adagwiranso ntchito ndi apolisi kuti ena mwa odwala awo azipatsidwa ziphaso zowateteza kuti asamangidwe chifukwa cha zovala zawo.

A Dora Richter, omwe ankagwira ntchito zapakhomo pamalowa, adachitidwa opaleshoni m'chaka cha 1931. Chaka chomwecho a Lili Elbe, katswiri wojambula zithunzi wa ku Denmark, adamwalira ku Dresden chifukwa cha zovuta zomwe zidadza pambuyo pa opaleshoni. Nthawiyo kudalibe mankhwala amphamvu opha tizilombo toyambitsa matenda m'mabala, ndipo ochitidwa opaleshoni ankaika moyo wawo pachiswe. Mu Meyi 1933 otsatira chipani cha Nazi adathyola malo a a Hirschfeld n'kuwotcha mabuku awo pabwalo. Umboni womwe udasonkhanitsidwa kwa zaka zambiri udatayika.

Ku Britain, a Michael Dillon adayamba kumwa testosterone cha m'ma 1939, ndipo pakati pa 1946 ndi 1949 adachitidwa maopaleshoni angapo ndi dokotala Harold Gillies. Iwonso adaphunzira udokotala. M'buku lawo la 1946 adanena kuti ngati maganizo a munthu alephereka kusinthidwa kuti agwirizane ndi thupi, ndi bwino kusintha thupi kuti ligwirizane ndi maganizo. Apa wodwala ndi dokotala adali munthu mmodzi.

Odwala aphunzira zoyenera kunena

Ambiri mwa anthu a ku America omwe adalembera a Hamburger adatumizidwa kwa a Harry Benjamin, dokotala wa mahomoni wa ku New York. Buku lawo la 1966, The Transsexual Phenomenon, lidafotokoza zizindikiro za munthu yemwe iwo ankamuona kuti ndi woyeneradi chithandizo. Chaka chomwecho chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore chidalengeza za kiliniki yothandiza anthuwa, ndipo masukulu ena a udokotala monga Stanford adatsatira.

Ofuna thandizo adali ambiri, malo adali ochepa. Makiliniki ankasankha okhawo omwe nkhani yawo inkagwirizana ndi ya m'buku: kuti adadziwa kuyambira ali mwana, kuti amadana ndi ziwalo zawo, ndiponso kuti akadzasintha adzafuna bwenzi losiyana nawo. Posakhalitsa madokotala adadabwa kuona kuti odwala onse akufotokoza zofanana. Kenako adazindikira kuti odwalawo adali atawerenga buku la a Benjamin ndipo ankauzana zoyenera kunena. A Norman Fisk, dokotala wa matenda a maganizo ku Stanford, adalemba za izi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 iwo adabweretsa mawu akuti gender dysphoria, pofuna kuti chidwi chikhale pa kuvutika kwa munthu m'malo mofufuza ngati munthuyo ndi "weniweni" kapena ayi.

Odwalawa sadali abodza mwachibadwa. Adaona kuti mawu amodzi olakwika angawatsekere chitseko. Zotsatira zake, madokotala ankalemba m'mafayilo nkhani yomwe iwo eni adayambitsa, n'kumaitenga ngati umboni.

Mmodzi yemwe adakana kubisa ndi a Lou Sullivan a ku San Francisco. Iwo adabadwa ndi thupi lachikazi, ankadzidziwa kuti ndi mwamuna, ndipo ankafuna amuna anzawo. Makiliniki adawakana chifukwa ankakhulupirira kuti munthu wotere kulibe. A Sullivan adalembera madokotala, adalankhula pamaso pa akatswiri, ndipo m'chaka cha 1986 adayambitsa gulu lothandizana lomwe pambuyo pake lidatchedwa FTM International. Adamwalira ndi Edzi m'chaka cha 1991. Umboni wawo udathandiza kuti achipatala asiye kusakaniza mafunso awiri: munthu amadzidziwa kuti ndani, ndipo amafuna ndani.

Kuyeza zotsatira

M'chaka cha 1979 a Jon Meyer a ku Johns Hopkins adasindikiza kafukufuku wonena kuti opaleshoni siidapindulitse odwala kuposa omwe sadachitidwe. Poyeza adayang'ana zinthu monga ntchito, banja, milandu ndi kugonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo. Momwe odwalawo ankamvera mumtima sizidalowe m'kawerengedwe kake, ndipo akatswiri ena adadzudzula njira imeneyi. Kilinikiyo idatsekedwa chaka chomwecho, ndipo chipatalachi chidayambiranso ntchitoyi m'chaka cha 2017. M'chaka cha 1979 chomwecho bungwe la akatswiri lomwe lero limatchedwa WPATH lidatulutsa ndondomeko zoyamba za chithandizo. Zomwe zikugwira ntchito pano ndi zachisanu ndi chitatu, za m'chaka cha 2022.

Kafukufuku wotsatira anthu kwa nthawi yaitali adadza pambuyo pake. Ku Amsterdam, ofufuza adaunika anthu 6,793 omwe adafika kukiliniki pakati pa 1972 ndi 2015, ndipo mwa omwe adachotsedwa ziwalo zopanga mahomoni, osakwana mmodzi pa 100 alionse ndiwo adalembedwa kuti adanong'oneza bondo. Ku Sweden, kafukufuku wa m'chaka cha 2011 wa anthu 324 adapeza kuti ngakhale atachitidwa opaleshoni, chiopsezo chodzipha chidali chokwera poyerekeza ndi anthu ena onse. Olemba ake adati odwalawa amafunikabe chisamaliro cha maganizo ndi cha thupi kwa nthawi yaitali. Mitsutso yomwe ikuchitika masiku ano m'maiko ena pa chithandizo cha ana ndi nkhani ina. Zomwe zatchulidwa pano n'zokhudza akuluakulu.

Kusintha kwa maina

Buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America, DSM, lidaika nkhaniyi pamndandanda wa matenda m'chaka cha 1980. M'chaka cha 1994 lidaitcha kusokonezeka kwa momwe munthu amadzidziwira. M'chaka cha 2013 lidasintha dzina kukhala gender dysphoria, kutanthauza kuti chofunika chithandizo ndi kuvutikako, osati momwe munthu amadzidziwira. Kwa wamkulu, vutoli liyenera kukhala litatha miyezi 6 kapena kuposerapo ndipo likumusautsa kapena kumulepheretsa zochita za tsiku ndi tsiku.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lisadasinthe mndandanda wake wa matenda, ofufuza adapita kukafunsa eni ake. Ku Mexico City adacheza ndi akuluakulu 250 pakiliniki ya Condesa, ndipo zotsatira zidatuluka m'chaka cha 2016. Anthu 83 pa 100 alionse adati adavutika mumtima paunyamata wawo. Koma chomwe chinkalosera kwambiri kuvutikako chidali kukanidwa ndi achibale ndi anzawo komanso kuchitiridwa nkhanza, kuposa kusagwirizana kwa thupi ndi maganizo pakokha. Kafukufuku wofanana adachitika ku Brazil, France, India, Lebanon ndi South Africa. Mu Meyi 2019 maiko adavomereza mndandanda watsopano wa ICD-11, womwe udayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. M'menemo nkhaniyi idachoka m'gawo la matenda a maganizo n'kupita m'gawo la umoyo wokhudza kugonana, pansi pa dzina lakuti gender incongruence. Idasiyidwabe m'bukumo kuti ofuna chithandizo azitha kuchipeza.

Kuno kum'mwera kwa Africa

Dziko la South Africa lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2003 lolola munthu kusintha zolembedwa pa ziphaso zake, ndipo bungwe la Gender DynamiX lidayamba ku Cape Town m'chaka cha 2005. Ku Malawi nkhaniyi idamveka kwambiri kudzera m'khoti. Mu Disembala 2009 a Tiwonge Chimbalanga adamangidwa pamodzi ndi a Steven Monjeza atachita chinkhoswe ku Blantyre. Mu Meyi 2010 adagamulidwa kukakhala kundende zaka 14, koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira mwezi womwewo. Nyuzipepala zambiri zidalemba kuti adali amuna awiri, pamene a Chimbalanga ankanena poyera kuti iwo ndi mkazi. Pambuyo pake adasamukira ku South Africa. Mu Juni 2024 khoti lomasulira malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha akhalebe.

Munthu wovutika ndi gender dysphoria akafika pachipatala kuno amakhala akudziwa mbiri imeneyi. Monga odwala a ku Stanford aja, amayeza kaye mawu ake, ndipo nthawi zambiri amasankha kusanena kanthu kapena kusabweranso.

Zomwe zimatayika wodwala akabisa

Kubisa kuli ndi zotsatira zake pa umoyo. Kafukufuku wa m'chaka cha 2013 wophatikiza zotsatira za m'maiko 15 adapeza kuti pafupifupi 19 pa 100 alionse mwa obadwa ndi thupi lachimuna omwe amakhala ngati akazi adali ndi HIV. M'chaka cha 2014 bungwe la WHO lidaika anthu amenewa pagulu la ofunika chidwi chapadera polimbana ndi kachilomboka.

M'maiko ambiri, osowa dokotala amagula okha mahomoni. Ena amamwa mapiritsi olerera ochuluka, omwe ali ndi ethinylestradiol, mankhwala owonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha, makamaka kwa osuta fodya. Ena amadumphitsa ma ARV poopa kuti asokoneza mahomoni, chikhalirecho dolutegravir, yemwe ali m'mankhwala omwe ambiri amalandira ku Malawi, sasokonezana kwenikweni ndi mahomoniwa. Wobadwa ndi thupi lachikazi yemwe amakhala ngati mwamuna amafunikabe kuyezedwa khansa ya khomo la chiberekero ngati ali nalo, ndipo angathe kutenga pakati ngakhale akubaya testosterone n'kusiya kusamba. Kumanga mabere mothinitsa kwa maola ambiri kumabweretsa zilonda, kupweteka kwa nthiti ndi kubanika. Zonsezi namwino sangazidziwe ngati wodwala sadamuuze.

Chipatala chaching'ono cha kumudzi sichingachite opaleshoni yotere, ndipo mlangizi wa zaumoyo kapena wogwira ntchito modzipereka sayembekezeka kupereka mahomoni. Koma zomwe adapeza ku Mexico City zikuonetsa kuti gawo lalikulu la kuvutika limachokera pa momwe anthu amamuchitira munthuyo, ndipo gawo limeneli lili m'manja mwa aliyense wolandira odwala. Angathe kufunsa wodwala dzina lomwe akufuna kuitanidwa nalo ngakhale m'buku lake la kuchipatala mwalembedwa lina. Angathe kumuyeza pamalo obisika popanda kuitana anzake kuti adzaone. Angathe kufunsa mwachindunji za mankhwala omwe akumwa, za nkhanza kunyumba, ndi za maganizo ofuna kudzipha, n'kumutumiza kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo ngati pakufunika. Chinsinsi cha wodwala chimamanga wogwira ntchito aliyense, kaya iye mwini amaganiza zotani pa nkhaniyi.

Madokotala a ku Stanford adapita zaka zingapo akulemba mayankho oloweza asadazindikire. Wodwala wa lero akaona kuti zomwe wanena sizituluka m'chipinda choyezera ndiponso sizimuchotsera thandizo, amatchula dzina la mapiritsi omwe akumwa ndi kuchuluka kwake, ndipo pamenepo ndi pomwe chithandizo chimayambira.