Nsalu zazikulu ngati manda

Pa 11 October 1987, anthu anayala nsalu 1,920 pa udzu wa National Mall mu mzinda wa Washington. Iliyonse inali pafupifupi masentimita 90 m'lifupi ndi 180 m'litali, muyeso wa manda a munthu mmodzi. Pa iliyonse panali dzina la munthu amene anafa ndi Edzi.

Amene anayambitsa ntchitoyi ndi Cleve Jones wa ku San Francisco. Masiku amenewo mabanja ambiri anali kubisa chimene chinapha mwana wao, ndipo makampani ena oika maliro anali kukana mitembo. Ndiye otsala anatenga singano. Panalibe wofunsa ngati ndiwe telala. Mayi, chibwenzi, mnzake wa kuntchito, aliyense anasoka mmene anathera, wina n'kusokerapo jinzi ya womwalirayo, wina shati, wina chithunzi. Pofika 1996, nsaluzo zinadzaza bwalo lonselo. Lero zili pafupifupi 50,000.

Mwezi womwewo wa October 1987, kuno kwathu Kenneth Kaunda anauza atolankhani kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi. Ambiri a ife tinali tisanabadwe, koma tinakulira m'nyumba zimene amangotiuza kuti amalume "anadwala nthawi yaitali", basi.

M'masutukesi a ambuya athu mukali vitenge ndi mashati a anthu amene sitiwatchula. Tikapita kukawaona, tiwafunse kuti zovalazo zinali za ndani, ndipo tiwamvetsere mpaka atchule dzina.