Okapi, Mpeni Womalizidwa Pamwala

Mpeni wa Okapi, uja matchona ankabwera nawo m'thumba pochokera ku Joni, kwao si ku Joni ayi. Unayamba kusulidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany, msika wake uli kuno ku Africa. Ntchito youpanga inasamukira ku South Africa mu 1988.

Chitsulo chake n'chotchipa, chosachedwa dzimbiri, koma chomvera mwala. Pochoka m'sitolo sunkakhala wakuthwa kwenikweni. Woumaliza anali mwini wake. Wosema mipini ankaunola mpaka kupyapyala. Nsonga ikathyoka, munthu ankatenga tupa n'kusongola ina, mpeni n'kumafupika chaka ndi chaka mpaka kutsala ngati chala, koma kuutaya ayi ndithu.

Tsono anyamata a m'makomboni a Johannesburg, ngakhalenso anzawo a ku Kingston, ku Jamaica komwe mpeniwu unkagulitsidwanso, ankapala pena: timano takutsinde tija timalira kete-kete potsegula. Timanoto tikatha, mpeni unkatseguka ndi dzanja limodzi, munthu asanaphethire. Apa mpomwe dzina linaipira. Ukangoti "okapi", anthu amaona tsotsi mumdima, osati agogo akusenda chinangwa pakhonde, chonsecho tupa lake n'lomwelo.